“Muli nayo disiki?” Funso limene likudya mafayilo a anthu mu Livingstone

Alongo anga aakulu ali ndi kantemba kotaipa ndi kupulinta pafupi ndi msika wa Maramba. Akhala pamenepo zaka 7. Nchito yao ndi makalata ofunsila nchito, ma CV, mapulogalamu a malilo ndi a zikwati, mapangano a lendi, ndi kufotokopa ma reji. Zonsezi zimayenda pa laputopu imodzi ya salaula imene anagula ku Lusaka, ija yobwela ndi kasitika ka kampani ya ku Ulaya imene kuno palibe amaidziwa. Batile yake inafa kale-kale. Malaiti akapita, nayonso imazima nthawi yomweyo monga babu.

Mwezi watha, Lacitatu lina masana, malaiti anapita pamene makinawo anali pakati polowetsa ma update. Atabwela madzulo, laputopu inayaka, n'kuonetsa cizindikilo ca Windows, timadontho tija n'kuyamba kuzungulila. Kenaka sikilini yonse inasanduka buluu, yodzaza ndi cizungu. Anazimitsa, anayatsanso, cimodzi-modzi. M'mawa mwake anaikulunga m'citenje n'kukwela takisi kupita m'tauni kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta.

“Amai, muli nayo disiki ya Windows yamene inabwela na laputopu iyi?”

“Nilibe, mwana wanga. Pogula sibananipase disiki iliyonse.”

“Ninshi apa tizangofomata cabe, niikemo Windows yanga. Sivivuta. Mubwele mailo, ni K200.”

Alongo anga anamva zakuti “sivivuta” n'kubwelela kunyumba mtima uli m'malo. Kwa iwo kufomata kunamveka ngati kukonza basi. Tsiku lotsatila laputopu inali kuyaka monga yatsopano, ndipo analipila ndi kuthokoza komwe. Atafika pa kantemba, kasitomala woyamba anali mnyamata wa ku Dambwa wofuna kuwonjezela mzele umodzi pa CV yake ya caka catha. Anatsegula foda, munalibe kanthu. Anatsegula ina, mbee. Anandiimbila foni mau akunjenjemela: “Iwe, vonse vayenda. Na vithunzi va amama va ku Chipata vayenda. Manje nizacita bwanji?”

Zinapita ndi ma CV a makasitomala a zaka 7, makalata okonza kale amene anali kungosintha dzina ndi tsiku, buku la nkhongole la mu Excel, ndi zithunzi za malemu amai athu.

Sindikulemba izi kuti ndimunyoze mnyamatayo, ndipo sindichula dzina lake kapena shopu yake. Anacita zimene ambili amacita, kuyambila ku Town Centre mpaka ku Libuyu. Ndikulemba cifukwa funso lake lija, lakuti muli nayo disiki, linatha nchito zaka zambili zapitazo, koma likugwilabe nchito monga cilolezo cofufutila zinthu za anthu. Tsopano popeza kampani ya Microsoft inaleka kusamalila Windows 10 pa 14 October 2025, makompyuta ambili a m'tauni muno adzafika pa tebulo la okonza m'miyezi ikubwelayi. Ngati mankhwala akhalabe omwewo, olila monga alongo anga adzaculuka.

Disiki inapita ndi nthawi yake

Amene tinayamba kugwila makompyuta m'masiku a Windows XP tikukumbukila bwino. Kompyuta yatsopano inali kubwela ndi disiki m'kaenvulopu, ndipo pansi kapena pambali pa makina panali kasitika kolembedwa kiyi ya zilembo ndi manambala 25. Windows ikavuta, unali kulowetsa disiki n'kutaipa kiyiyo. Wopanda disiki anali monga munthu wotaya makiyi a nyumba yake. Kumeneko n'kumene kunacokela funso lija.

Zinthu zinasintha mu 2012 pamene kunabwela Windows 8. Kuyambila pamenepo, makampani monga HP, Dell ndi Lenovo anayamba kusunga kiyi mkati mwa bodi ya kompyuta, mmene munthu sangaione ndi maso ndiponso sangaitaye. Windows 10, imene inatuluka pa 29 July 2015, inawonjezela cina: makina akavomelezedwa kamodzi, Microsoft imawakumbukila. Mukaikamonso Windows ya mtundu womwewo, Home pa Home, Pro pa Pro, n'kulumikiza pa intaneti, imadzivomeleza yokha osakufunsani kiyi. Malaputopu ambili a masiku ano alibe n'komwe kakhomo kolowetsela disiki.

Nanga Windows yeni-yeniyo munthu amaitenga kuti? Pa webusaiti ya Microsoft, ndipo kuidaunilodi n'kwaulele. Pali kapulogalamu kochedwa Media Creation Tool kamene kamaika Windows pa fulashi ya 8GB. Cimene cimagulidwa ndi laisensi, ndipo kawili-kawili laisensiyo imakhala ili kale m'makina amene munagula, ngakhale a salaula. Laputopu ya alongo anga inali nayo, tinadzaona pambuyo pake. Ndiye kuti K200 ija inagula Windows yakuba, imene inalowa m'malo mwa Windows yovomelezeka imene anali nayo kale.

Zimene zikanacitika tsiku lija

Pali mfundo imodzi imene mwini kompyuta aliyense afunika kuigwila, ngakhale asadziwe cina ciliconse. Windows ndi mafayilo anu ndi zinthu ziwili zosiyana, zokhala m'nyumba imodzi. Windows ikakana kuyaka, nthawi zambili mafayilo amakhala ali bwino-bwino pa hadi disiki. Ndi loko wa pa citseko amene wavuta, katundu ali mkati. Kufomata ndi kugumula nyumba pamodzi ndi katundu yense cifukwa loko wakana.

Wokonza wodziwa nchito amayamba ndi kutulutsa katundu. Angayatse kompyutayo ndi fulashi ya Linux, imene imayenda payokha osakhudza zimene zili pa hadi disiki, n'kukopela mafoda anu pa disiki ina yakunja. Kapena angamasule hadi disikiyo, kuiika m'kabokosi ka USB, n'kuitsegula pa kompyuta ina monga fulashi wamba. Pamavuta ndi pa makina okhomedwa ndi BitLocker. Pamenepo pamafunika kiyi ya manambala 48, imene kawili-kawili imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. N'cifukwa cake si bwino kulola munthu wina kukutsegulilani akaunti ndi imelo imene inu simukuidziwa.

Mafayilo akapulumuka, m'pamene munthu amayesa kucilitsa Windows. Windows 10 ili ndi kacipatala kake mkati. Ikalephela kuyaka kawili kapena katatu motsatizana, imatsegula yokha tsamba la buluu lokonzela. Ndilo linaopseza alongo anga. Anaona cizungu cambili n'kuzimitsa. Pa tsambalo pali “Startup Repair” yokonza poyambila, “Uninstall Updates” yocotsa update imene yavuta, ndi “System Restore” yobweza makina mmene analili masiku angapo m'mbuyomo. Update yodulidwa pakati ndi malaiti ndi amodzi mwa matenda amene zida zimenezi anazipangila. Zikakanika, pali “Reset this PC”, pamene mungasankhe “Keep my files”. Mapulogalamu amacoka, koma makalata ndi zithunzi zimatsala. Tsamba limeneli likakana kutseguka, fulashi ya Windows ija imalowa m'malo mwa disiki yakale: muyatse nayo makina, ndipo m'malo modina poika Windows yatsopano, dinani “Repair your computer”.

Sindikunena kuti kufomata n'kulakwa nthawi zonse. Makina odzaza ndi ma virus amafunika kuyambilanso pa ziro. Koma kumakhala kotsiliza, mwini wake atauzidwa m'cinenelo cimene amamva kuti zonse zifufutidwa, ndipo iye atavomela. Palinso nthawi imene kufomata n'kutaya ndalama cabe. Ngati hadi disiki ikulila kuti kete-kete, kapena ikucedwa mphindi zambili kutsegula foda imodzi, ndiye kuti disikiyo ikufa. Mungaikepo Windows kasanu, idzagwabe. Pamenepo copela zinthu mwamsanga, gulani SSD.

N'cifukwa ciani aliyense amathamangila kufomata?

Yankho loyamba ndi ndalama. Kufomata ndi kuika Windows kumatenga ola limodzi kapena awili, munthu uku akusintha sikilini ya foni ya kasitomala wina. Kukopela mafayilo a zaka 7 kucokela pa hadi disiki yokalamba kungadye tsiku lonse. Kumafunanso disiki ina yosungilapo, ndi malaiti osaduka. Koma mtengo umene timalipila ndi umodzi. Ndipo tisadzicotsemo ife makasitomala. Ndife amene timati, “Ah boss, K200 yonse? Uja wa pa kona acita na K100.” Munthu ukamulipila mtengo wa ola limodzi, akupatsa nchito ya ola limodzi.

Yankho laciwili ndi ma bundle. Windows yovomelezeka ndi yaulele pa webusaiti, koma ndi fayilo ya pafupi-fupi 5GB, ndipo ma update otsatila nawonso amadya. Conco wokonza amagwilitsila nchito fulashi imodzi imene anakopela kwa mnzake, amene nayenso anakopela kwa wina. Ndiyo ija “Windows yanga”. Palibe amadziwa amene anaipanga, zimene anacotsamo, kapena zimene anawonjezelamo. Kuti iwoneke ngati yovomelezeka, amathilamo kapulogalamu kothyola loko, ndipo kuti kameneko kalowe amayamba azimitsa antivirus. Pa makina amenewo m'pamene mawa mudzataipa pasiwedi ya ku banki.

Yankho lacitatu ndi malaiti. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba atatsika, m'madela ena malaiti anafika popita maola 21 pa tsiku. Ife a Livingstone tili ndi Mosi-oa-Tunya ndi siteshoni yake ya magetsi pamphuno pathu, koma sitinapulumuke. Kompyuta ya pa tebulo yopanda UPS, kapena laputopu ya batile yakufa, ikazima mwadzidzidzi pamene ikulemba pa disiki, mafayilo a Windows amatsala oduka pakati. Kuzima kumodzi sikungaphe makina, koma kuzima kwa tsiku ndi tsiku kumaculukitsa odwala. Wokonzayo nayenso amakhala ndi maola ocepa a malaiti, mzele wa makasitomala uli pakhomo. Amasankha njila yacidule.

Yankho lacinai ndi mmene nchitoyi imaphunzilidwa. Anyamata ambili okonza makompyuta anaphunzila pa YouTube ndi poyang'anila anzao, ndipo zimenezo si zamanyazi. Ena a iwo ali ndi manja abwino kuposa a mapepala. Koma phunzilo loyamba limene amalandila ndi la kuika Windows. Phunzilo lakuti mafayilo a kasitomala ndi ofunika kuposa makinawo palibe amawapatsa.

Ng'oma inalila, ife sitinamve

Akulu amati cakudza sicimba ng'oma. Koma kutha kwa Windows 10 kunaimba ng'oma zaka zingapo, cabe kuti inali kulila m'cizungu ndiponso pa intaneti. Anthu ambili amene ndakamba nao m'tauni muno akuganiza kuti mwina ndi bodza, cifukwa makompyuta ao akuyakabe. Zoona, akuyaka, ndipo adzapitiliza kuyaka. Cimene catha ndi zigamba zacitetezo zimene Microsoft inali kutumiza mwezi uliwonse. Mbava za pa intaneti zikapeza bowo latsopano mu Windows 10, palibe adzabwela kudzalitseka pa makina wamba.

Kuti muone kulemela kwake, kumbukilani WannaCry. Mu May 2017 virus imeneyo inakhoma mafayilo m'makompyuta a m'maiko oposa 150, n'kumafuna dipo. Ku Britain zipatala zina zinabweza odwala. Cigamba cotseka bowo limene inadzela cinali citatuluka kale mu March caka comweco. Amene anagwidwa ndi aja sanaciike. Tsopano ganizilani makina amene cigamba sicidzabwelanso.

Microsoft ikuti tisamukile ku Windows 11. Kwa amene makina ao akukwanitsa, kusamukako n'kwaulele. Vuto lili pa kukwanitsako. Windows 11 imafuna RAM ya 4GB ndi malo a 64GB, zimene makina ambili ali nazo. Koma imafunanso kacipangizo kacitetezo kochedwa TPM 2.0, ndi pulosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD ya msinkhu wofanana nawo. Mapulosesa amenewo anayamba kutuluka ca kumapeto kwa 2017. Laputopu zambili za salaula zimene timagula ndi za m'badwo wa 4, wa 5, wa 6. Mu December 2023 kampani yofufuza za misika ya Canalys inayelekezela kuti makompyuta pafupi-fupi 240 miliyoni padziko lonse angasanduke zinyalala cifukwa ca lamulo limeneli. Sipafunika kuombeza kuti mudziwe kumene ena a iwo akulowela maofesi a ku Ulaya akawataya.

Conco amene mukufuna kugula laputopu ya salaula, musanyengeke ndi mau akuti “ni Core i5, boss”. Funsani m'badwo. Yang'anani nambala ya pulosesa: pa i5-6300U, 6 uja akutanthauza m'badwo wa 6, pa i5-8250U, ndi wa 8. Yoyambayo ingakhale yokongola ndi yochipa, koma Windows 11 siivomeleza.

Amene muli kale ndi makina akale, njila zilipo zitatu. Yoyamba ndi kugula nthawi. Microsoft inatsegula dongosolo lochedwa ESU, limene poyamba inalengeza kuti lidzapitiliza zigamba zacitetezo kwa anthu wamba mpaka pa 13 October 2026. Mtengo wake ndi madola 30, koma mungalowemo osalipila ngati mwalowa ndi akaunti ya Microsoft n'kulola kuti masetingi a makina anu asungidwe kumeneko. Pamafunika Windows 10 ya 22H2 yovomelezeka. Apa m'pamene “Windows yanga” ija imalumanso kaciwili: munthu amene anamucotsela laisensi yake yeni-yeni angapezeke kuti khomo ili lamutsekekela.

Yaciwili ndi kukakamiza Windows 11 pa makina osakwanitsa. Okonza ambili akucita kale zimenezi, ndipo makinawo amayaka ndithu. Koma Microsoft inanena poyela kuti makina otelo sawalonjeza ma update. Amene wasankha njila imeneyi asankhe akudziwa, osati kungouzidwa kuti “nakuikilani latest”.

Yacitatu ndi kucoka ku Windows. Ubuntu ndi Linux Mint ndi zaulele, zovomelezeka, ndipo zimayenda bwino pa makina okalamba. Ubuntu inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lakelo ndi liu lomwe ife timati umunthu. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Kwa mwana wa ku koleji amene nchito yake ndi kutaipa, kufufuza pa intaneti ndi kuonela maphunzilo, njila imeneyi ndi yokwana. Koma ndisakunamizeni: CorelDRAW ndi Photoshop siziyenda pamenepo, ndipo mapulinta ena amavuta. Wa kantemba kopanga makhadi a zikwati ayambe wayesa pa fulashi asanasamuke.

Si nkhani ya kantemba kamodzi

Wina anganene kuti izi ndi za anthu a makompyuta, ife a foni sizitikhudza. Koma boma lasamutsila nchito zake zambili pa intaneti. Msonkho wa ZRA umalembedwa pa TaxOnline, ndipo kuyambila mu 2024 kunabwela Smart Invoice. Olemba anthu nchito amatumiza za NAPSA pa intaneti. Kulembetsa kampani ku PACRA ndi pa intaneti, ndipo zina zambili zili pa ZamPortal. Munthu wopanda kompyuta amapita kuti? Amapita pa kantemba monga ka alongo anga. Kumeneko amasiya kope ya reji, nambala ya TPIN, masatifiketi, nthawi zina ndi pasiwedi yomwe.

Tauni yathu imadya za alendo ndi za pa malile. Maloji ang'ono-ang'ono amasunga mabuking'i pa laputopu imodzi. Ma ejenti okiliyalitsa katundu pa mlatho wa Victoria Falls ndi ku Kazungula amadalila makompyuta tsiku lililonse. Makina amodzi akagwa, kapena akafomatidwa mosafunsa, thilaki imagona pa malile ndipo mlendo amafika n'kupeza cipinda cake capatsidwa wina.

Palinso lamulo. Data Protection Act ya 2021 imafuna kuti wosunga zinthu zokhudza anthu ena azisamalile. Laputopu ya pa kantemba ikagona usiku wonse ku shopu ya wokonza, ma reji a anthu mazana amagona komweko. Ndani amaona zimene zakopedwa? Ndipo makina akale akagulitsidwa kwa ogula zitsulo hadi disiki ili momwemo, zinsinsi za anthu zimapita nawo limodzi.

Masukulu nawonso ali m'bwato lomweli. Tikukumbukila November 2015, pamene ana a Giledi 9 analemba koyamba mayeso a manja a Computer Studies, ndipo m'masukulu ena analemba mpaka usiku cifukwa makompyuta anali ocepa ndipo malaiti anali kuvuta. Kucokela nthawi imeneyo masukulu ayesetsa kudzaza malabu ao, ena ndi makina amphatso amene anagwilapo kale nchito kwina. Makina amphatso amabwela opanda disiki, ndipo amakalamba monga ena onse. Unduna wa Zamaphunzilo ufunika kuwelenga kuti ndi angati angalandile Windows 11, n'kuuza aphunzitsi zocita ndi otsalawo. Kupanda kutelo, mphunzitsi aliyense adzaitana mnyamata wake wa fulashi, ndipo ana adzaphunzila kompyuta pa mapulogalamu akuba.

Zimene ndikupempha

Kwa abale athu okonza makompyuta: lekani kufunsa za disiki, funsani za mafayilo. Khalani ndi mitengo iwili yolembedwa pa khoma, wa kupulumutsa mafayilo ndi wa kuika Windows, kuti kasitomala asankhe yekha. Pa lisiti lembani kuti mafayilo akopedwa, kapena kuti mwini wake wavomela kuti afufutidwe, iye asaine. Kapepala kameneko kadzakutetezani inunso tsiku limene kasitomala adzabwela ndi apolisi. Ndipo daunilodini Windows yoyela kamodzi kucokela kwa eni ake; fulashi imodzi imeneyo ingakonze makina ambili-mbili.

Kwa TEVETA ndi makoleji a zamaluso monga LIBES: anyamatawa ali kale pa nchito, sangasiye shopu zaka ziwili. Maphunzilo aafupi a madzulo kapena a Loweluka, okhudza kupulumutsa mafayilo, malaisensi ndi kusunga cinsinsi ca kasitomala, angasinthe zambili. Satifiketi yopacika pa khoma ingatithandizenso ife kudziwa kumene tikusiya makina athu.

Kwa ZICTA: uthenga wa kutha kwa Windows 10 sunafike ku Maramba, ku Linda kapena ku Ngwenya. Uikeni pa Zambezi FM ndi mawailesi ena a kuno, m'Citonga, m'Cilozi ndi m'Cinyanja, monga mumacitila ndi macenjezo a mbava za mobile money.

Kwa ife eni makina: safunsa anadya phula. Musanasiye kompyuta kwa aliyense, funsani mafunso atatu. Mafayilo anga muyamba mwakopela kuti? Muikamo Windows yocokela kuti? Laisensi yanga yakale itsala? Akakwiya ndi mafunsowo, nyamulani makina anu. Ndipo lelo lino, makina akali kuyaka, gulani mafulashi awili. Ina ikhale ya kukonzela Windows. Dziwani kuti popanga imafufuta zonse zimene zili pa fulashiyo, conco ikhale yopanda kanthu. Inayo ikhale ya mafayilo anu, ndipo isamagone m'cola cimodzi ndi laputopu. Zithunzi ndi mapepala ofunika kwambili ikaninso pa Google Drive, imene imapeleka 15GB kwaulele. Batile yatsopano kapena ka UPS kakang'ono ndi ndalama, inde, koma n'zochipa kuposa zaka 7 za nchito.

Laputopu ya alongo anga tinaipeleka kwa munthu wina wodziwa kufukula zofufutidwa. Anatiuza kuti tikanabwela nayo tsiku lomwelo, osaigwilitsila nchito, zambili zikanabwela, cifukwa cinthu ciliconse catsopano cimene makina alemba cimakwilila zakale. Anapulumutsa zithunzi 40 ndi ma CV ocepa. Pa zithunzizo pali cimodzi ca amai athu atakhala pa mphasa akusenda mbatata, ndipo capulintidwa kale, cili pa khoma. Buku la nkhongole silinabwele. Alongo anga anayenda kufunsa amene anali kuwakumbukila. Ena analipila, ena mwadzidzidzi anaiwala kuti anapulintitsapo kanthu. Masiku ano nkhongole akulemba kawili, mu Excel ndi m'buku la cikuto colimba. Fulashi ya mafayilo anaimanga ndi kacingwe kofiila, imagona m'kacikwama ka ndalama.

Ndinadutsanso kwa mnyamata uja, osati kukakangana. Anamvetsela bwino, ndipo nkhope yake inagwa. “Mudala, pepani maningi,” anatelo. “Koma bamai baja sibanakambe kuti muli vinthu vofunika.”

Nditakafotokozela alongo anga, anaimitsa kaye kutaipa n'kundiyang'ana. “Nanga iye anafunsa?”